A Nelesi ndi Mwana Wodikira Minibasi

A Nelesi Miti amadzuka kunja kusanayere bwino. Choyamba amasesa pansi pa chisakasa cha malata asanu ndi limodzi chimene amuna awo, a Tenson, anawamangira kuseri kwa nyumba, n'kuyalapo mphasa ziwiri ndi matumba a feteleza ochapa. Akatero amanyamula zigubu kupita ku mpope. Pobwerako amathirira repu ndi anyezi m'kadimba kawo, kenako n'kuteleka phala lothira nsinjiro. Dzuwa likamasuzumira, azimayi opita kukagulitsa ndiwo ku msika wa ku Chongwe amakhala ayamba kufika, wina mwana ali kumsana, wina akumukoka padzanja tulo tili m'maso. Amawasiya anawo pamphasa n'kuthamangira minibasi yoyamba. Madzulo podzawatenga, wina amasiya mulu wa tomato, wina kambale ka nyemba, wina zikomo yekha. Ntchito imeneyi a Nelesi aigwira zaka zoposa makumi awiri muno mu Kanakantapa, ndipo ilibe dzina. Si sukulu ayi. Ana amangoti, "Tipita kwa ambuya a pamalata."

Ine ndine mnansi wawo. Minda yathu inachita malire, ndipo ku Chigwirizano cha amayi a mpingo wathu timakhala benchi limodzi. Iwo anafika kuno mu 1990 kuchokera kumidzi ya ku Katete, nthawi imene boma linkagawa malo kwa achinyamata. Anapeza tchire lokhalokha. Anagwetsa mitengo ndi a Tenson, anabereka ana atatu, onse anakula n'kupita m'tauni. Ine ndinabwera pambuyo pake ndi malemu amuna anga.

A Nelesi sukulu analekera giredi faivi. Kwa zaka zambiri ankathandiza anamwino ku kiliniki tsiku la sikelo, kupachika ana pasikelo ndi kutonthoza olira. Kamodzi anawatumiza ku Chongwe kukaphunzira sabata imodzi za kasamalidwe ka ana. Kabuku kamene anawapatsa kanadyedwa ndi chiswe. Iwo amati chimene chinatsala m'mutu ndi chimodzi: mwana akasintha khalidwe, usayambe wafunsa kuti wamulowa chiyani, yamba wafunsa kuti pakhomo pasintha chiyani.

Polankhula ndi mwana amakhala pansi ndithu, maso awo alingane ndi a mwanayo. Chikwapu sagwira. Nkhani imeneyi amakangana ndi amuna awo mpaka lero.

"Amake Ezra, ana awa muwaononga," a Tenson amatero akamadutsa ndi khasu paphewa. "Kuongola mtengo m'poyamba. Ise tinakula na chikwapu, onani tili bwino."

"Muli bwino? Munthu wa imvi, mukaona aphunzitsi pamsewu muvula chipewa na kubisa manja kumbuyo."

"Ni ulemu uja."

"Ni mantha. Pitani mukalime."

Chida chawo chachikulu ndi dongo. Amakalitapa kumtsinje, n'kulisunga m'chidebe chovindikira ndi chiguduli chonyowa. Phala likatha, mwana aliyense amalandira chibulumwa, aumbe chimene afuna. A Nelesi amayendayenda n'kumafunsa funso limodzi lokha: "Uyu ni ndani?" Amati mwana ukamufunsa chimene chikumuvuta amangoyang'ana zala zakumiyendo, koma za kamunthu kadongo amakuuza zonse.

Chimene chandichititsa kuti ndilembe za iwo ndi mdzukulu wanga Tamara.

Mayi ake a Tamara anali Ednah, mkazi wa mwana wanga Dingani. Mu Epulo 2022, chimanga chikuuma m'munda, Ednah anayamba kumva mutu ndipo mapazi anatupa. Dingani amagwira ntchito pafamu ina cha ku Kasisi, amabwera Loweruka lokha. Tinamuitana pafoni, anafika, namutenga mkazi wake kupita naye kuchipatala. Ednah anayenda yekha mpaka pamene minibasi zimaima. Tamara anali ndi zaka zisanu. Anagwira chitenje cha mayi ake osafuna kusiya. Ednah anamasula timanja take akuseka, ngakhale mutu unali kumupweteka, nanena mawu amene mayi aliyense kuno ananenapo:

"Khala bwino na ambuya, usavute. Ukavuta sinizabwera."

Ku Chongwe anamutumiza ku Lusaka. Patapita masiku anayi anamwalira.

Tinachita monga tinapeza makolo akuchita. Mwana wamng'ono saona maliro. Uthenga utangofika, Clarissa, mng'ono wake wa Ednah, anamutenga Tamara kupita naye kwake ku Chongwe, nakhala naye sabata yonse. Ednah tinamuika m'manda a kuno kwathu, kutsidya kwa minda, ulendo wa theka la ola wapansi. Pamene mwana ankabwera, phulusa la moto wa pamaliro tinali titasesa, mipando ya kutchalitchi titabweza. Clarissa anandiuza kuti tsiku lina masana, mwana atagona, anamunong'oneza kukhutu kuti, "Amako amwalira." Anati kwao amatero, mtima wa mwana umamva ngakhale ali m'tulo, ndipo palibe angatinene kuti tinabisa. Ine ndinavomera. Zinandipeputsira katundu.

Ali maso tinkamuuza zina. "Akali ku Lusaka. Apeza ntchito. Azabwera." Dingani anati zikhale choncho mpaka mwana akule. Tinayenda m'makomo oyandikana nafe kupempha kuti ana awo asakambe kanthu.

Milungu yoyamba Tamara anali mwana wabwino koposa kale. Ankasesa ndi tsache lomuposa msinkhu. Ukamutuma ankathamanga. Alendo ankamuyamikira, ine n'kumathokoza Mulungu kuti mwana walimba mtima. Chimodzi chokha: dzuwa likapendeka ankasowa. Tinkamupeza atakhala pamwala pamene minibasi zimaima, akuyang'ana aliyense wotsika. Makondakitala anamuzolowera. Wina ankamuponyera chiwaya, chimanga chokazinga cha m'pepala, n'kumuuza kuti ayesenso mawa: "Kamwana, lero sanabwere. Mailo."

Mu Juni, kuzizira kutafika, anayamba kukodzera pamphasa, chinthu chimene analeka ali ndi zaka zitatu. Ndinamukalipira. Ndinayanika mphasa poonekera kuti achite manyazi. Sizinathandize. Tsiku lina m'mawa, nditatopa ndi kuchapa, ndinamuuza mawu amene ndinkayesa olimbikitsa:

"Ukaleka kukodzera pamphasa, amako azabwera msanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nagwedeza mutu kuvomera.

Kuyambira pamenepo analeka kumwa madzi dzuwa likafika pamutu. Milomo inang'ambika. Ankadzuka ine ndisanadzuke, kuchapa kachitenje kake m'madzi ozizira n'kukabisa kuseri kwa nkhokwe. Chakudya ankangotola pang'ono. Kuseka kunatha. Ndiye tsiku lina analuma Mutinta, mwana wa mnansi wathu wina, padzanja mpaka magazi. Chifukwa chake sitinachidziwe.

Aliyense anali ndi mankhwala ake. Ena ku mpingo anati mzimu wa mayi ake ukumusautsa, tisale kudya. Ena anatchula sing'anga wa kutsidya. Atate ake a Mutinta anati mwana wosowa chikwapu ameneyo. Ine ndinkapemphera, koma m'pemphero momwe nkhani ya bodza lathu ndinkailambalala. Inali nthawi yotonola chimanga, manja anali ochepa, ndipo ndinayamba kumusiya Tamara kwa a Nelesi m'mawa uliwonse, makamaka kuti asapite kumsewu.

Milungu iwiri a Nelesi sanandiuze kanthu. Tsiku lina podzamutenga mwana, anamutuma kukathirira anyezi, ine n'kundikokera kuseri kwa chisakasa. Pathabwa panali zoumba zitatu za Tamara. Panali minibasi ya mawilo a zitsekerero za mabotolo. Kutali nayo kunali mzimayi wadongo atafulatira. Pakona panali kamunthu kakang'ono kokulungidwa m'tsamba la mango, mutu womwe.

"Amake Dingani, khalani pansi," anatero. "N'namufunsa kuti uyu wa m'tsamba ni ndani. Akuti ni mwana woipa. N'nati analakwa chani? Akuti akodza, anunkha, ndiye amai ake akana kubwera."

Analoza kamunthu kaja, napitiriza.

"Akuti anakwanitsa masiku anayi osakodza, amai sanabwere. Manje aganiza kuti afunika masiku ambiri. Ndiye chifukwa sakumwa madzi. Nanga mudziwa chamene analumira Mutinta? Mutinta anamuuza kuti amako ali kumanda."

"Tinawauza makolo ake kuti..."

"Munauza makolo. Ana ali na makutu awo. Mudzi wonse udziwa, kupatula mwini wake wa maliro."

Ndinati mwana wa zaka zisanu sangamvetse imfa. Ndinati tinkamuteteza. Ndinatchulanso za Clarissa, kuti mwana anauzidwa kale.

"Ali m'tulo," anatero a Nelesi. Sanakweze mawu. "Imwe munthu atakuuzani muli m'tulo kuti ng'ombe zalowa m'munda, mungati munauzidwa? Imfa yonse sangaimvetse, ni zoona. Na ise sitiimvetsa. Koma mwana akaona kuti amake sabwera, afuna chifukwa. Akulu mukakhala chete, achipeza yekha, ndipo chamene apeza nthawi zonse ni chakuti wolakwa ni iye. Uyu mwana sakudikira chabe. Akudzilanga."

Mawuwo anandilasa, ndipo munthu wolasidwa sayankha bwino. Ndinawauza kuti Tamara si mdzukulu wawo, kuti za pakhomo panga ndidziwa ndine. Ndinamukoka mwana padzanja kupita naye kunyumba. Sabata yonse sindinamutumizeko, ndipo ku Chigwirizano ndinakhala benchi lina.

Lachisanu m'mawa a Nelesi anawasiyira ana mayi wina, nabwera kwanga. Anapereka moni, nakhala pamphasa, natenga chitsononkho n'kuyamba kutonola nane chimanga. Tinadzaza lichero limodzi osalankhula. Tamara anali kumpope ndi anzake. Kenako a Nelesi anayamba kukamba, maso ali pachimanga.

Anati mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Iwo sanadziwe. Anawatengera kumudzi wina kwa masiku angapo, ndipo atabwerera anauzidwa kuti amayi apita ku Migodi kwa achibale, adzabwera ndi diresi ndi nsapato. Dzulo lake la tsiku limene amayi anadwala, iwo anali ataswa mtsuko pochokera kuchitsime, ndipo amayi anawakalipira. Ndiye kwa zaka zinayi ankakhulupirira kuti amayi anathawa mwana woswa mitsuko. Basi ikamadutsa pamsewu wa fumbi ankathamangira. Sanaswenso kanthu. Ankanyamula madzi ngati anyamula dzira, khosi lili gwa, kuti mbiri ikafike ku Migodi kuti Nelesi anasintha.

"N'namva pachitsime," anatero. "Tinali kulimbirana malo na mtsikana mnzanga. Anati, choka apa iwe, amako anafa kudala. Azimai onse anangoti zii, aliyense ayang'ana mtsuko wake. Pamenepo m'pamene n'nadziwa kuti ni zoona, na kuti onse anali kudziwa."

Anathira chimanga m'thumba, nakung'untha lichero.

"Imfa ya amai n'nailira n'kutha. Chamene sichinathe ni chija chakuti anthu onse amene ananisambika na kunidyetsa anali kuniona nithamangira basi. N'nafika pokwatiwa nisakhulupirira munthu aliyense akaniuza kuti nizabwera. A Tenson akapita ku Chongwe kukagula mbewu, ine mtima uli m'mwamba mpaka nione njinga. Tamara azamva, amake Dingani. Chamene mungasankhe ni chimodzi chabe: amve kwa atate ake pamphasa, kapena amve pampope kwa mwana wamene akangana naye."

Loweruka Dingani anafika pa njinga madzulo. Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinamutengera kwa a Miti. Tinakhala pansi pa chisakasa chija, ife pamphasa, amuna patimipando. Ndinamuonetsa zoumba za mwana wake. Anatenga kamunthu ka m'tsamba, nakatembenuza m'manja.

"Ba Nelesi, nimvera zamene mukamba," anatero. "Koma ine siningakwanitse. Nikamuuza, azalira, ine nizachita bwanji? Lekani afike olo giredi fili."

"Akulira kale, mwana wanga. Alira yekha kuseri kwa nkhokwe."

"Nanga akadwala nazo? Akasokonezeka mutu?"

"Muone milomo yake. Kudwala kwayamba kale."

Dingani anayang'ana a Tenson, kuyesa kuti mwamuna mnzake amuthandiza. A Tenson anakanda kumutu.

"Ine pa za chikwapu sitimvana na aba," anatero. "Koma pa ichi, mphwanga, mvera. Nakhala nawo zaka makumi atatu na zisanu. Nikachedwa pang'ono ku miting'i ya feteleza nipeza munthu aimirira pamsewu monga wapolisi. Poyamba n'nali kuyesa ni nsanje, n'nali kunyada nazo."

"Nsanje pa imwe?" anatero a Nelesi. "Angakutengeni ndani?"

Tinaseka pang'ono, ndipo kusekako kunamasula Dingani. Anafunsa kuti anene bwanji.

A Nelesi anamuuza pang'onopang'ono, ngati mmene amaphunzitsira mayi wachitsikana kusambitsa khanda. Anati akambe m'mawa, kuti mwana akhale ndi tsiku lonse lofunsa mafunso anthu ali pafupi. Akambe iye mwini, atate ake, atakhala pansi. Anene mawu enieni akuti amwalira. Asanene kuti agona, chifukwa mwana adzaopa tulo. Asanene kuti apita kapena atisiya, chifukwa wopita amabwera. Amuuze kuti anali matenda, ndipo abwereze kuti si chifukwa cha kuvuta kapena kukodza. Akalira pamaso pa mwana palibe cholakwa. Mwana akafunsa funso lomwelo kakhumi, ayankhidwe kakhumi, yankho lomwelo. Kwa ine anati ndileke kuyanika mphasa poonekera, ndiyale pulasitiki pansi, ndimupatse madzi, ndipo ndipite naye ku kiliniki akaone ngati mulibe matenda m'chikhodzodzo.

Dingani anatumiza uthenga kufamu kuti afika Lachitatu.

Lolemba m'mawa tinayala mphasa pansi pa mango. A Nelesi anakhala chapatali, pafupi ndi khitchini, monga munthu wodzapempha moto. Dingani anamuika Tamara patsogolo pake, nagwira timanja take. Mawu anamukanika kawiri. Kachitatu anatuluka.

"Tamara, amako sali ku Lusaka. Anadwala maningi, madokotala anayesa, zinakanga. Amako anamwalira. Sazabwera."

Mwana anayang'ana atate ake, nayang'ana ine.

"Nanga nikaleka kukodza?"

Dingani anagwetsa mutu, misozi ikugwera pamanja a mwana. "Olo uleke, mwana wanga. Si iwe. Sunalakwe chilichonse. Ni matenda."

"N'navuta pa minibasi. N'nagwira chitenje."

"Anali kuseka chabe paja. Anali kukukonda. M'chipatala anali kufunsa za iwe."

Tamara anatembenukira kwa ine.

"Ambuya, munali kudziwa?"

"Inde."

"Munanama."

"N'nanama, mwana wanga. N'nalakwa. Unikhululukire."

Sanalire pamenepo. Anaimirira, napita kumene kunali a Nelesi, nakhala pambali pawo atatifulatira. A Nelesi sanamunyamule, sanamuuze kanthu. Anangotunga madzi m'kapu n'kuika pansi pakati pawo. Patapita nthawi mwana anatenga kapu namwa yonse. Kulira kunabwera masana, ndipo kunali kulira kumene sindinakumvepo kwa mwana, kochokera pansi pamimba. Atate ake anamufungatira mpaka anatopa.

M'mawa mwake Tamara anafunsa kuti amayi ali pati tsopano. Dingani anati thupi lawo tinaliika m'manda, mzimu wawo uli kwa Mulungu. Mwana anati afuna kukaona. Tinapita anthu anayi, iye, atate ake, a Nelesi ndi ine, kudutsa m'minda yokololedwa, mapesi akulira kumapazi. Tamara ananyamula mzimayi wake wadongo. Titafika, Dingani anamuonetsa mtumbira. Maluwa a pulasitiki anali atayera ndi dzuwa. Mwana anaima, nacheuka kuyang'ana kumene tinachokera. Denga la tchalitchi linkaoneka.

"Ni pafupi," anatero.

Kenako anayang'ananso mtumbira.

"Amvera mphepo mukati?"

A Nelesi anagwada pambali pake. "Iyai. Thupi likafa silimva mphepo, silimva njala, silimva kuwawa."

"Azanunkhidwa na ine?"

"Iyai, mama. Na kale sunali kuwanunkha."

Tamara anaika mzimayi wadongo pamtumbira, namutembenuza kuti ayang'ane kumudzi. Dingani anapemphera mwachidule. Tikunyamuka, mwana anagwira dzanja la a Nelesi nafunsa:

"Nanga amai anu ali pati?"

"Anamwalira naonso, nili mwana monga iwe."

"Manda awo ali pati?"

"Sinidziwa."

"Simunafunse?"

"N'nafunsa," anatero a Nelesi, ndipo anayamba kuyenda.

Ndisaname kachiwiri ponena kuti zonse zinatha tsiku limenelo. Milungu itatu Tamara sanandilankhule, kupatula kuyankha inde ndi iyai. Chakudya ankalandira kwa ine, koma nkhani ankakakamba kwa a Nelesi. Ku kiliniki sanapeze matenda. Namwino wina anakhala naye pansi nacheza naye, natiuza kuti tipirire. Kukodza kunapitirira mpaka mvula yoyamba, kenako kunayamba kudumphadumpha, n'kutha. Mwezi wathunthu ankaumba maliro okhaokha: bokosi, anthu olira, dzenje. Ankaika anzake pamzere kuti aimbe nyimbo. Ine zinandiopsa, ndinafuna kumuletsa. A Nelesi anati ndimusiye, akuchita maliro amene tinamumana. Tsiku lina anaumba nkhuku ndi anapiye, ndipo za maliro zinathera pomwepo.

Kumsewu anapitako kamodzi kokha pambuyo pake. Ndinamutsatira chapatali. Anadikira minibasi ya kondakitala wa chiwaya uja, namuuza kuti, "Amai anamwalira, sazabwera." Mnyamatayo anavula kapusi. Mwana anatembenuka n'kubwerera kunyumba.

Tsopano ali giredi fili. Amakangana ndi anzake, amaiwala kutsuka mbale, nthawi zina amandiyankha mwano. Ndikamva mwanowo mtima umakhala pansi, chifukwa mwana wosesa ndi tsache lalikulu uja sindifuna kumuonanso. Ndikamapita ku Chongwe amandifunsa ola lobwerera, ndipo ndaphunzira kunena loona.

Si onse anakondwa. Clarissa anakwiya miyezi ingapo, akuti tinaphwanya mwambo wa kwao. Ku mpingo alipo amene amati a Nelesi amalowerera za m'nyumba za eni. Chichitikireni zimenezi mabanja awiri anawaitana maliro atagwa kuti akathandize kuuza ana. Banja lachitatu anapitako okha osaitanidwa, ndipo anawabweza pakhomo. Anabwerera, nateleka phala monga mwa masiku onse. Mwana wa pakhomo limenelo amabwerabe pamalata, ndipo a Nelesi samuuza kanthu, chifukwa amati si iwo oyenera kunena. Koma akawafunsa kuti atate abwera liti, samuyankha kuti mailo. Amati, "Tiye tikafunse pamodzi kwa amako."

Yankho lija la kumanda, lakuti n'nafunsa, linandikhala pamtima. Ndinadikira mpaka tsiku lina tikuchokera ku Chigwirizano awiriwiri, n'kuwafunsa kuti anafunsa yani.

Anati tsiku lomwe anamva pachitsime, anasenza mtsuko wawo bwinobwino mpaka kunyumba, osataya dontho. Anapeza amalume awo, amene ankawalera, atakhala pachitsa akukhomera khasu pampini. Anaima patsogolo pawo mtsuko uli pamutu, nawapempha kuti akawaonetse manda. Amalume sanadzutse mutu. Anati, "Katule madzi." Pamene ankakwatiwa anapemphanso, ndipo amalume anati adzapita mvula ikatha. Mvula inatha, iwo anasamukira kuno, amalume anamwalira. Anthu a mudziwo ambiri anabalalika, ndipo manda a nthawi imeneyo analibe miyala yolembedwa.

Kwatsala msuweni wawo mmodzi, a Langford, amene akali kumeneko. Zaka zisanu zapitazo a Nelesi anapempha Ezra, mwana wawo, kuti awalembere uthenga pafoni. Ezra akuti uthengawo unafika ndipo unawerengedwa, koma yankho silinabwere. A Nelesi anandiuza mawu ake tikuyenda m'njira ya pakati pa minda yathu, ndipo anawanena osaphonya, ngati vesi loloweza:

"A Langford, ndine Nelesi mwana wa Tisauke. Nipempha mufunseko azimai akuluakulu amene atsala, kapena alipo akumbukira pamene anaika amai anga. Sinifuna kumanga chiliza, sinifuna mlandu na munthu. Olo anionetse chabe mtengo wamene uli pafupi."